Koilo yotentha pa Datsun 1200: zolemba za ntchito yobwezeretsa ballast resistor

Pa 4 Okutobala: galimoto yafika

Galimoto imene ndikulemba za iyo ndi vaneti ya Datsun 1200, ya injini ya A12 ya masilinda anayi, yomwe atsibweni anga amanyamulira nshawa, chimanga ndi feteleza pakati pa munda wawo wa ku msewu wa Chadiza ndi misika ya muno m'Chipata. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1971, ndipo ku South Africa unapitirira ndi dzina la Nissan 1400 mpaka mu 2008, n'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe m'masitolo, ngakhale kuti si zonse zimene zimayenerana ndi galimoto yakale ya mapointi monga iyi. Mapointi ndi tizitsulo tiwiri timene timagundana ndi kulekana podula magetsi a koilo, ndipo koilo ndiyo imakweza magetsi a batire kuti mapulagi athetheke moto.

Dandaulo lawo linali lomveka bwino. "Mphwanga," iwo anatero, "m'mawa imalira msanga, koma dzuwa likakwera, ndikangoyenda mtunda pang'ono imayamba kudukizadukiza kenaka n'kuzima. Ndikaisiya pamthunzi kwa kanthawi imaliranso popanda kuigwira paliponse." Kuchokera nthawi yokolola kabureta inali itatsukidwa kale, pampu ya petulo itasinthidwa, ndipo mapointi ankagulidwa kawirikawiri, koma vuto silinasunthe. Ambiri amene anaiona ankanena kuti ndi petulo wauve kapena kuti injini yatha, moti atsibweni anali atayamba kuganiza zoigulitsa kwa ophwasula magalimoto.

Ndinaiyendetsa masana pamsewu wa Great East kulowera ku Msekera, ndipo inazima monga momwe ananenera. Nditachotsa chosefera mpweya n'kukankha kachitsulo ka mafuta pa kabureta, petulo anapopera bwino m'kati, choncho za mafuta ndinaziika pambali. Kenaka ndinazula waya wamkulu wapakati pa disitiributa (chogawira moto ku mapulagi), n'kuugwira ndi pulayazi ya zogwirira za labala pafupi ndi chitsulo cha injini pamene mnyamata wondithandiza ankaliza sitata. Moto unali wofooka, wachikasu, ndipo unkadumpha pokhapokha ndikayandikitsa waya mpaka kutsala pang'ono kugunda chitsulo. Koilo inali yosagwirika ndi dzanja, ndipo pakhosi pake pankatuluka mafuta amene anali atagwira fumbi lofiira la kumsewu wa kumunda. Mapointi amene anaikidwa posachedwapa anali atapsa kale mpaka kuoneka abuluu, mbali imodzi itakumbika kadzenje pomwe inayo itamera kansonga.

Pa 5 Okutobala: zimene mita yasonyeza

Chida chachikulu pa ntchito yonseyi ndi mita yoyezera magetsi, ndipo aliyense wofuna kutsatira zimene ndachita adziwe kuti manambala ake ndi aang'ono kwambiri, kotero kuti zingwe za mitayo pazokha zikhoza kumusocheretsa. Musanayeze chilichonse gundanitsani nsonga ziwiri za mita n'kuona chimene ikuwerenga. Yanga inasonyeza ma ohm 0.3 (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimatsekerezera magetsi), ndipo nambala imeneyi ndaichotsa kale pa miyezo yonse imene ndalemba m'munsimu.

Nditamasula mawaya onse, koilo inasonyeza ma ohm 1.4 pakati pa + ndi −. Koilo yotere inapangidwa kuti izigwira ntchito pamodzi ndi ballast resistor, kachipangizo koyera ka dothi lowotcha kokhala ndi waya wopotana m'kati, kamene kamakhala pakati pa swichi ya kiyi ndi + ya koilo n'kumachepetsa magetsi ofika ku koilo. Ndinakapeza pamalo pake pachitsulo cha m'mbali mwa injini, koma kanali kong'ambika pakati, ndipo wina anali atalumikiza mbali zake ziwiri ndi kawaya kofiira kokulungidwa tepi yakuda. Nditachotsa kawayako, mita inasonyeza kuti m'kati mwa rezisita munali moduka.

Nditawaonetsa atsibweni anakumbukira kuti chaka chatha galimotoyi inawavuta panjira mwanjira yachilendo: ikalizidwa inkagwira moto kiyi ili chigwirire pa sitata, koma akangosiya kiyi inkazima pompo. Chizindikiro chimenechi n'cha rezisita yoduka, chifukwa pa nthawi yoliza sitata magetsi amafika ku koilo kudzera njira ina yolambalala rezisita, ndipo kiyi ikabwerera pamalo pake njirayo imatsekeka n'kusiya koilo yopanda magetsi. Makanika wina wa m'mbali mwa msewu anaika kawaya kaja ndipo galimoto inayenda. Munthuyo sindikumudzudzula, pakuti kulumikiza kotere ndi njira yabwino yofikitsira galimoto kunyumba; vuto n'lakuti kawayako kanasiyidwa pomwepo kwa miyezi yambiri, ndipo aliyense amene anasintha mapointi pambuyo pake sanafunse chifukwa chimene ankapsera.

Masamu ake ndi awa. Mapointi amapirira bwino magetsi a ma amp pafupifupi 4. Batire likakhala pa mavolti 12.4, ndipo koilo ya ma ohm 1.4 ikaphatikizidwa ndi rezisita ya ma ohm 1.6, zonse pamodzi zimakwana ma ohm 3, ndipo magetsi odutsa pa mapointi amakhala ma amp 4 ndi pang'ono. Rezisita ikalambalalidwa, koilo yomweyo imakoka pafupifupi ma amp 9. Kutentha ndiye kumakwera kuposa pamenepo: injini itaima, kiyi ili yotsegula ndipo mapointi atagundana, koilo imene inayenera kutulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 25 imatulutsa mawati oposa 100, zimene zikufanana ndi kutsekera mababu awiri akutsogolo oyaka m'kachitini ka mafuta. Injini ikamayenda mapointi amatseguka ndi kutsekeka, choncho kutenthako kumachepa, koma alitaneta nayo imakweza magetsi kufika pa mavolti 14, ndipo m'mwezi uno wa Okutobala mpweya wa pansi pa boneti sungathe kuziziritsa kanthu. Koilo imene yaphikidwa motere mpaka kutaya mafuta sindiikhulupiriranso, ngakhale ikamasonyeza manambala abwino itazizira.

Pa 7 Okutobala: ku Down Shops

Ndinapita ndi mita yanga m'thumba. M'sitolo imene ndinalowa munali makoilo a mitundu itatu, ndipo pabokosi lililonse panalembedwa 12V. Wogulitsa anati, "Zonsezi ndi za 12, bambo, iliyonse ikwana." Ndinamupempha kuti ndiyeze ndisanalipire, ndipo anavomera mosavuta, iyenso n'kuwerama kuti aone. Yoyamba inasonyeza ma ohm 3.1, yachiwiri 1.4, yachitatu 0.7. Yoyambayo ndi ya galimoto ya mapointi yopanda rezisita. Yachiwiri ndi ya mapointi koma yofuna rezisita, ndipo pathupi pake, pansi pa chomangira, panali tizilembo tating'ono tonena zimenezo. Yachitatu ndi ya galimoto zamakono zopanda mapointi, ndipo itaikidwa pa Datsun iyi mapointi sangachedwe kupsa. Chilembo cha 12V chimangonena za batire la galimoto, sichinena chilichonse za magetsi amene koilo ingakoke.

Rezisita yatsopano inalipo imodzi yokha, koma inasonyeza ma ohm 0.8, theka la imene ndinkafuna, ndipo ndinaisiya. Popeza atsibweni ankafuna galimoto kuti ayambe kututa feteleza mvula isanagwe, ndinasankha njira yachidule yongoyembekezera: koilo ya ma ohm 3.1 yopanda rezisita. Ndinalipira K380 pa koilo ndi K90 pa mapointi.

Pa 8 Okutobala: kumanga koilo ya ma ohm 3.1

Ndinachotsa rezisita yoswekayo pamodzi ndi kawaya kofiira, n'kulumikiza bwino waya wa ku swichi ndi wa ku + ya koilo pogwiritsa ntchito zolumikizira zofinya. Waya wopita ku disitiributa ndinaumanga pa − monga mmene ziyenera kukhalira pa galimoto imene − ya batire imamangidwa ku chitsulo cha thupi. Mapointi atsopano amabwera opakidwa timafuta toteteza dzimbiri, ndipo ndinawapukuta ndi kapepala koyera konyowetsa petulo ndisanawaike, chifukwa timafutato tikapsa timasiya utsi wakuda umene umatsekereza magetsi. Mpata ndinauika pa 0.5 mm, pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm zimene buku la injiniyi limalola, n'kupaka girizi pang'ono kwambiri pakamtengo kozungulira kamene kamatsegula mapointi. Kusintha mpata kumasunthanso taimingi, nthawi imene pulagi imathetheka moto, choncho ndinaionanso ndi nyale yake.

Ndinabwereranso pamsewu womwe uja dzuwa lili paliwombo, kupitirira pamene inazimira, ndipo galimoto sinadukize. Koilo inali yofunda koma yogwirika.

Pa 13 Okutobala: yayamba kuvuta m'mawa

Atsibweni anaimba foni kunena kuti kuzima panjira kwatha, koma tsopano m'mawa galimoto ikumafuna kukankhidwa, chinthu chimene sichinkachitika kale. Sitata inkazungulira ndithu, injini osagwira. Anyamata akaikankha pang'ono potsetsereka inkalira nthawi yomweyo.

Mita inafotokoza zonse. Batire, lomwe lakhalitsa, linasonyeza mavolti 12.3 lisanagwire ntchito, koma sitata ikamazungulira linkagwa kufika pa 9.3. Sitata imakoka magetsi ochuluka zedi, ndipo ngakhale batire labwino limatsika kufika pa mavolti 10 kapena kucheperapo pa nthawi imeneyi. Koilo ya ma ohm 3.1 ikalandira mavolti 9.3 imangokoka ma amp 3, pa nthawi yeniyeni imene injini yozizira ikufuna moto wamphamvu. Pokankha, sitata sigwira ntchito, batire silitsika, ndipo koilo imalandira magetsi ake onse. N'chifukwa chake inkalira mosavuta.

Apa m'pamene pali phindu lenileni la rezisita, limene ambiri a ife timaliphonya poganiza kuti ntchito yake ndi kuteteza koilo basi. Opanga galimoto anasankha dala koilo yofuna magetsi ochepa, n'kuiika kumbuyo kwa rezisita kuti isapse poyenda, kenaka n'kupanga njira yolambalala rezisitayo pa timasekondi tochepa toliza sitata. Mwanjira imeneyi batire likagwa kufika pa mavolti 9, koilo imakhala ikulandirabe magetsi okwanira, mwinanso oposa amene imalandira pamsewu. Galimotoyi inkalira msanga m'mawa pa nthawi ya kawaya kofiira chifukwa koilo yake inkalandira magetsi onse usana ndi usiku, ndipo mtengo wake unali mapointi ndi koilo yomwe.

Batire latsopano likanachepetsa vutoli, koma n'lodula kuposa zipangizo zonse zofunika kubwezeretsa dongosolo la fakitale, ndipo likadzakalamba vuto lidzabwerera. Tinagwirizana zofunafuna rezisita yoyenera.

Pa 18 Okutobala: rezisita yapezeka

Ndinaipeza kwa ophwasula magalimoto cha ku Kapata, pa Datsun ina yotha imene yakhala pamiyala. Inali yakuda ndi fumbi koma yosang'ambika, ndipo inasonyeza ma ohm 1.6. Ndinalipira K100, n'kupala dzimbiri pomangira mawaya ndi sandipepa mpaka chitsulo chitawala. Popeza galimoto inali kumunda, ndinaitumiza kwa atsibweni kuti aisunge mpaka nditagula koilo yoyenerana nayo.

Kwa amene ali ndi galimoto za mtundu wina: kusaona kachipangizo koyera sikutanthauza kuti rezisita palibe. Magalimoto ambiri akale a Ford ndi a General Motors anaika rezisita ngati waya wapadera wobisika m'mtolo wa mawaya, ndipo pa Ford wayayu nthawi zambiri amakhala wapinki. Njira yodziwira ndi kuyeza magetsi pa + ya koilo kiyi ili yotsegula, mapointi atagundana; mavolti akachepa kwambiri poyerekeza ndi a batire, rezisita ilipo.

Pa 20 Okutobala: rezisita pa koilo yosayenera

Msuweni wanga, mwana wa atsibweni, ataona rezisita ili pawindo anaimanga pa galimoto pofuna kuthandiza, koilo ikadali ija ya ma ohm 3.1. Anaimanga mwaukhondo ndithu, ndipo injini itaima pamalo amodzi inkalira bwino. Vuto linaoneka atanyamula matumba a feteleza: pa zitunda za msewu wa ku Chadiza injini inayamba kuphonya, kuphulika ku ekizozi ndi kutha mphamvu, ndipo m'mawa mwake inakaniratu kulira ndi sitata.

Rezisita ya 1.6 ndi koilo ya 3.1 zimakwana ma ohm 4.7. Ngakhale alitaneta ikupereka mavolti 14, magetsi ofika m'koilo sapitirira ma amp 3, ndipo pamene injini yalemedwa, mpweya m'silinda uli wothinana kwambiri, moto wofooka umalephera kudumpha pa pulagi. Palibe chinapsa, koma galimoto inakhala yopanda ntchito. Ndinamufotokozera pafoni kuti achotse rezisita abwezeretse mmene zinalili, ndipo ndinamuuza lamulo limene ndimatsatira pa galimoto iliyonse ya mapointi ya batire la mavolti 12: ma ohm a koilo ndi a rezisita akaphatikizidwa afike pafupifupi 3, osachepera kwambiri, osapitirira kwambiri.

Pa 24 Okutobala: koilo yoyenera yamangidwa, koma kulira sikunasinthe

Ndinagula koilo ija ya ma ohm 1.4 pa K420. Rezisita ndinaimanga pachitsulo chosapentedwa cha m'mbali, kutali ndi paipi ya petulo ndiponso mawaya ena, chifukwa imatentha kwambiri mwachibadwa ndipo chitsulo cha thupi n'chimene chimaithandiza kutaya kutenthako. Titatsegula kiyi inatulutsa kautsi ka mafuta akale amene anali atamatirira, kenaka kanaleka.

Poyeza pali msampha umene ndaona ukugwira anthu odziwa ntchito. Mapointi akakhala otseguka, magetsi sakuyenda, ndipo mita imasonyeza mavolti onse a batire mbali zonse ziwiri za rezisita, munthu n'kuganiza kuti rezisitayo sikugwira ntchito. Ndinazunguza injini ndi dzanja mpaka mapointi atagundana, ndipo pamenepo mita inasonyeza 12.3 polowera ndi 5.8 pa + ya koilo, monga momwe masamu amanenera. Muyeso umenewu uchitidwe mofulumira, kiyi isakhale yotsegula nthawi yaitali.

Pamsewu galimoto inayenda bwino. Koma m'mawa mwake inavutanso kulira, chimodzimodzi ngati ndi koilo ya 3.1. Ndinazula waya wamkulu, n'kulumikiza − ya koilo ku chitsulo kwa kanthawi kochepa kuti mita isavinevine, ndipo sitata ikuzungulira + ya koilo inasonyeza mavolti 4.4 okha. Njira yolambalala rezisita inali yakufa. Pa Datsun 1200 njirayi imachokera ku swichi ya kiyi, pa nsonga yolembedwa R, imene imapereka magetsi pokhapokha kiyi ili pa sitata. Nditamasula pansi pa chiwongolero ndinapeza kuti swichi ya fakitale inachotsedwa nthawi ina, n'kuikidwa ina wamba yopanda nsonga imeneyo, ndipo waya wake unali lende, wokulungidwa tepi. Mwachionekere swichiyi inasinthidwa kawaya kofiira katamangidwa kale, choncho palibe amene anaona kusiyana kulikonse.

Pa 26 Okutobala: relay m'malo mwa nsonga ya R

Swichi ya fakitale sindinaipeze yabwino. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndingokoka waya kuchokera pa kawaya koliza solenoidi ya sitata (kachipangizo kamene kamalumikiza sitata ku batire) kupita pa + ya koilo, koma njira imeneyi ndinaikana, ndipo ndikuchenjeza ena kuti asaiyese. Kiyi ikabwerera pamalo oyendera, magetsi ochokera ku rezisita amabwerera m'mbuyo kudzera pa waya woterowo n'kukathera m'solenoidi, imene ma ohm ake ndi ochepa kwambiri. Zikatero koilo imasowa magetsi, injini imazima, ndipo rezisita imatentha mopitirira muyeso. Masitata ena ali ndi nsonga yapadera pa solenoidi yopangidwira ntchito imeneyi, koma ya galimotoyi ilibe.

Ndinagwiritsa ntchito relay wamba ya miyendo inayi, swichi yoyatsidwa ndi magetsi yonga imene timaika pa hutala kapena pa nyale. Mwendo wa 30 ndinautengera ku + ya batire kudzera pa fyuzi ya ma amp 15. Mwendo wa 87 ndinaupititsa pa + ya koilo. Wa 86 ndinaulumikiza ku kawaya koliza solenoidi. Wa 85 ndinaumanga ku chitsulo cha thupi. Motero relay imagwira pokhapokha sitata ikulira, ndipo kiyi ikasiyidwa imadula kotheratu popanda magetsi obwerera. Relay, soketi yake ndi chosungira fyuzi zinatenga K110. Waya ndi zolumikizira K70.

Nditayezanso mwanjira yomwe ija, + ya koilo inasonyeza mavolti 9.2 sitata ikuzungulira, ndipo moto pa waya wamkulu unali wabuluu, wolira kuti tha, wodumpha mpata woposa sentimita imodzi. Galimoto inagona panja, ndipo mbandakucha inalira kiyi itangokhudzidwa, ndi batire lakale lomwelo.

Pa 2 Novembala: mapointi ayambanso kukumbika

Ndinapempha kuti galimoto ibwere ndidzaione ngakhale kuti panalibe dandaulo, ndipo ndinapeza kuti mapointi, amene sanathe ndi mwezi womwe, ayamba kumera kansonga mbali imodzi. Sanapse mpaka kubiriwira monga oyamba aja, koma sanali oyera monga ndinkayembekezera. Panali zifukwa ziwiri.

Choyamba chinali kondensa, kachipangizo kolumikizidwa ku mapointi. Nditatsegula ndi kutseka mapointi ndi sikuludiraiva kiyi ili yotsegula, pankathetheka moto waukulu pakati pawo, pomwe kondensa yabwino imameza motowo n'kusiya kochepa kovuta kuona. Kondensa ya mainjini awa imakhala ya ma microfarad pafupifupi 0.22, ndipo yakaleyo inali itapirira miyezi yonse ya ma amp 9. Yatsopano inatenga K65. Mapointi sindinagule ena. Ndinawasalaza ndi kafayilo kosalala, n'kuwapukuta, n'kubwezeretsa mpata pa 0.5 mm.

Chachiwiri sindikanachiona ndikanapanda kuyeza batire injini ikuyenda. Itaima pamalo amodzi mita inasonyeza mavolti 13.9, koma ndikaponda mafuta inkakwera mpaka 15.4. Galimotoyi ili ndi reguleta yapadera, kabokosi kakuda komangidwa kunja kwa alitaneta, ndipo inali italeka kugwira magetsi pamlingo wake. Pa mavolti 15.4, ngakhale koilo ndi rezisita zikhale zoyenerana, magetsi okafika ku mapointi akhoza kupitirira ma amp 5. Zimenezi zikufotokozanso chifukwa chimene atsibweni ankathirira madzi m'batire pafupipafupi ndi kusintha mababu. Reguleta ina inatenga K350, ndipo tsopano magetsi akuima pa 14.2 ngakhale injini ikuthamanga.

Tsiku lomwelo ndinazindikira chizolowezi china chimene chimapha mapointi mwakachetechete. Poyembekezera katundu kumsika, msuweni wanga amakonda kumvera Breeze FM kiyi ili pamalo oyendera, injini itazima, chifukwa wailesi inalumikizidwa ku waya womwewo wa koilo. Injini ikaima mapointi ali ogundana, magetsi amadutsa mosalekeza m'rezisita, m'koilo ndi pa mapointi kwa nthawi yonse imene wailesi ikulira. Ndinasamutsa waya wa wailesi kupita pa nsonga ya ACC ya swichi, imene sipereka magetsi ku koilo, ndipo ndinawauza atsibweni kuti, "Atsibweni, injini ikazima kiyi ibwerere kumbuyo, ngakhale muime kwa mphindi zochepa."

Pa 16 Novembala: mvula yoyamba ndi miyezo yomaliza

Mvula itagwa galimoto inadutsa m'zithaphwi za msewu wa kumunda, ndipo ndinapeza matope atathovukira pa rezisita. Dothi lowotcha likatentha kwambiri kenaka n'kuthiridwa madzi ozizira likhoza kung'ambika, ndipo ndikuganiza kuti umu ndi mmene yoyamba ija inafera, pakuti kachitsulo kotchinga matope pansi pa mbali imeneyo kanasowa kalekale. Ndinadula kachidutswa ka lata n'kukamanga pansi pake kuti katchinge madzi ochokera ku tayala, koma pamwamba ndi m'mbali ndinasiya potseguka kuti mpweya uzidutsa. Rezisita siyenera kukulungidwa tepi kapena pulasitiki.

Miyezo ya lero, injini itatentha bwino pambuyo pa ulendo wonyamula katundu kuchokera kumunda mpaka ku Saturday Market, ili motere. Batire likulandira mavolti 14.2. Pa + ya koilo mita ikusonyeza pafupifupi mavolti 10 injini ikuyenda, nambala imene ili pakati chifukwa mapointi akutseguka ndi kutsekeka. Koilo ndi yofunda moti dzanja likhoza kukhalapo, pomwe rezisita ndi yotentha yosagwirika, ndipo zimenezo n'zoyenera. Nkhope za mapointi n'zotuwa mofanana mbali zonse, zopanda dzenje kapena nsonga.

Ndalama zonse zimene zalowa ndi K1,585. M'kati mwake muli K380 ya koilo ya ma ohm 3.1 imene sikugwiranso ntchito pa galimotoyi, koma sindikuiwerengera ngati yotayika. Ndaikulunga m'nsalu n'kuiika kuseri kwa mpando pamodzi ndi kawaya kolumikizira kokonzedwa kale, ndipo ndamuonetsa msuweni wanga kuti rezisita ikadzaduka ali kutali, adzamange koilo imeneyi, alambalale rezisita, azule relay pa soketi yake, ndipo akhoza kuyenda motero kwa nthawi yaitali popanda kuotcha kanthu.

Chimene chatsala ndi disitiributa yeniyeniyo. Mita ya dwell, yoyeza madigiri amene disitiributa imazungulira mapointi ali ogundana, ikusonyeza madigiri 52 injini ikuyenda pang'onopang'ono, zimene zili m'kati mwa 49 mpaka 55 za m'buku, koma ndikaponda mafuta singano ikusuntha ndi madigiri angapo, ndipo mtengo wapakati ndikaugwedeza ndi chala ukusewera pang'ono. Mabushi ake atha. Tagwirizana ndi atsibweni kuti galimoto isaimitsidwe pakati pa ntchito yobzala. Disitiributa ndidzaichotsa kubzala kukatha, ndipo ngati pa nthawiyo adzasankhe kuika kachipangizo kamagetsi kolowa m'malo mwa mapointi, ndidzayamba ndawerenga pepala la wopanga wake kuti ndione ma ohm a koilo imene amafuna ndiponso ngati rezisita iyenera kutsala, chifukwa zipangizo zimenezi zimasiyana pa mfundo imeneyi.